Mphiri mu Mgolo wa a Mhone

Loweruka masana, Mtisunge Kachingwe atatsika basi pamsewu wa kwawo ku Bolton, m'dziko la England, anapeza chitseko cha nyumba yake chili chosakhoma. Kunja kunkawaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Iye anali akuchokera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, miyendo italema ndi shifiti ya m'mawa.

Anamva kubuula kukhitchini.

Asimenye, mayi wachitsikana wa ku Karonga amene ankachita lendi chipinda cham'mwamba, anali atakhala pansi, atatsamira filiji. Dzanja lake lamanja linali litatupa mpaka m'chigongono, ndipo anali atalimanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje. Pambali pake panali kaphukusi ka nsapato za mwana. Pakona, pafupi ndi boila yotenthetsa nyumba, mgolo wabuluu wapulasitiki unali chitsegukire.

"Anti, muli njoka," anatero Asimenye. "Mumgolomo."

Mtisunge anasuzumira ali chapatali. Pansi pa majuzi akale panali bokosi loboolaboola, chivundikiro chake chitasuntha. Pamwamba pa juzi limodzi panali patadzipinda chinjoka chachifupi, chonenepa, chamutu wophwatalala. Mtisunge anakulira ku Dedza, ndipo mphiri sanafunike kuuzidwa ndi munthu. Anavundikira mgolowo, nasanjikapo thumba la mpunga. Kenaka anamasula kansalu kaja, nauza Asimenye kuti asagwedeze dzanjalo, naimba foni kuitana ambulansi.

Ambulansi inabwera ndi apolisi pambuyo pake.

Amalawi a m'mizinda ya kumpoto kwa England amatumiza katundu kumudzi m'migolo yabuluu yotereyi. Munthu amagula mgolo wopanda kanthu, n'kumaponyamo zovala, sopo, nsapato, mpaka udzaze, kenaka wa vani amadzaunyamula kupita nawo ku doko. Mgolo wa mnzako suutsegula kuti uone zimene waikamo. Koma ukamva kuti ukulowera chakwanu, kaphukusi kakang'ono umatha kuponyamo, mwini wake n'kumuuza pambuyo. Palibe amene amakwiya nazo. Asimenye anali atamva kuti mgolowo ukupita ku Mzuzu, ndipo anafuna kuti nsapato za mwana wake zikafike Khirisimasi isanakwane. Anapisa dzanja kuti akankhire kaphukusiko pansi, pamenepo ndi pamene inamuluma.

Mankhwala opha ululu wa mphiri anachita kuitanitsa kumzinda wina. Madzulo a tsikulo Asimenye anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, osatha kuyankhula. Mtisunge anali m'kachipinda kena, ka kupolisi, atayang'anizana ndi Sajeni Joan Ackroyd, mayi wa imvi za m'mbali, wosafulumira kuyankhula.

Sajeniyo anamufotokozera lamulo mosakweza mawu. Anati kuno njoka yaululu siisungidwa ngati mphaka. Wofuna kuisunga amapempha chilolezo ku khonsolo ya mzinda wake. Akhonsolo amatumiza dokotala wa zinyama kudzaona chipindacho, ngati makola ake ndi okhoma, ngati njoka ingathe kutuluka, ngati anthu oyandikana nawo ali pachiopsezo. Pamafunikanso inshuwaransi yolipira munthu akalumidwa. Dzina la Mtisunge kukhonsolo kunalibe. Ndipo lamulo limati amene nyamayo yapezeka m'manja mwake ndiye akuisunga.

"Mgolowo si wanga," anatero Mtisunge.

"Ndi wa ndani?"

Ananena kuti ndi wa a Elton Mhone a ku Wakefield, amene amagulitsa migolo ndi kuinyamula pa vani yawo. Anabwera Lachitatu, nadzera kanjira ka kuseri kwa nyumba, napempha kuti awasungire mgolowo masiku ochepa chifukwa vani inali yodzaza. Anati muli mafuta odzola ndi mankhwala a mayi awo, zinthu zosafuna kuzizidwa, n'chifukwa chake anauika okha pafupi ndi boila.

Sajeni anafunsa ngati panali wina amene anawaona. Panalibe. Asimenye anali kuntchito tsikulo. Sajeniyo anafunsanso ngati Mtisunge sanadabwe ndi timabowo timene tinali pachivundikiro cha mgolowo. Mtisunge anati anationa, koma munthu wamkulu, wa mumpingo mwawo, akakupempha kuti umusungire katundu, sumufunsa kuti muli chiyani.

"Simufunsa?"

"Kwathu ndi chipongwe."

Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamutulutsa pabelo.

Lolemba kuchipatala anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhaniyo itatha. Mtisunge ankadziwa tanthauzo lake. Akapezeka wolakwa pa mlandu woti munthu wavulala m'nyumba mwake, bungwe la anamwino likhoza kumuchotsa m'kaundula. Ntchito ikatha, chilolezo chake chokhalira m'dzikoli chimathera pomwepo. Zaka zonse zausiku wosagona zikanathera mumgolo wa munthu wina.

Anaimbira a Mhone. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, ndipo ulendo uno anayankha ndi mawu achisoni, ngati a pamaliro. Anati amva za ngoziyo ndipo akumupempherera. Mtisunge atawauza kuti akauze apolisi zoona, mawu awo anasintha.

"Achemwali, mgolo uja ndinakugulitsani wopanda kanthu. Zimene munaikamo mukuzidziwa ndinu."

Ndi zimene anauzanso apolisi atawapeza kunyumba kwawo ku Wakefield. Zidindo za zala zawo zinali pamgolopo, inde, monga zinalili pamigolo ya Amalawi onse kuyambira ku Bolton mpaka ku Hull. Foni anaimbirana ndi Mtisunge, inde, za mgolo womwewo. Anatsegulira apolisi zitseko zonse ndi manja awiri, nawapangira tiyi. M'nyumbamo munalibe njoka, munalibe khola, munalibe chilichonse.

Pamene apolisi ankafufuza, Amalawi anali atagamula kale mlanduwo. Unayambira pa mafoni, n'kufika pakhomo la tchalitchi. Anthu anakumbukira kuti Mtisunge anamanga nyumba ku Area 25 ku Lilongwe m'zaka zochepa chabe. Anakumbukira kuti sadwaladwala, kuti mashifiti owonjezera amagwera iye, kuti mwamuna alibe koma sadandaula. Njoka m'nyumba ya munthu wotero, kwa iwo, sinali nkhani ya chilolezo cha khonsolo ayi. Inali yokhwimira. Ena ankati amaidyetsa mazira, ena ankati inafuna magazi ndipo anaipatsa mwana wa eni. Mayi Daphne, mkulu wa amayi mumpingo, amene kale ankabwera Lamlungu lililonse kudzamwa tiyi, anakumana naye mu shopu natembenukira ku mashelefu a sopo.

Mtisunge nayenso anayamba kukayikira aliyense. Galimoto ikaima panja, ankasuzumira pakatani. Ankadzifunsa kuti ndani wina amene ankadziwa, ndi migolo ingati ya a Mhone yomwe inagonapo pafupi ndi maboila a anthu ena. Pakona pamene panali mgolo paja sankapondapo.

Patapita sabata ndi masiku, Sajeni Ackroyd anabwera yekha m'mawa. Anakhala pampando wa kukhitchini osavula jekete. Anati Asimenye watsitsimuka, dzanja lapulumuka koma chala chimodzi achidula. Anati wanena zomwezo, kuti mgolo ndi wa a Mhone, koma zimenezo anazimva kwa Mtisunge, choncho umboniwo ndi wopepuka. Ananenanso chinthu china chimene anachipeza ku khonsolo: zaka zingapo zapitazo a Mhone anapemphapo chilolezo chosunga njoka, ndipo anawakaniza chifukwa nyumba yawo ndi ya lendi, yogundana khoma ndi mabanja a ana. Atafunsidwa, a Mhone anaseka, nati anali maganizo a bizinesi amene anawasiya kalekale.

Mtisunge anafunsa ngati zimenezo sizokwanira. Sajeni anati kupempha chilolezo si mlandu, ndipo njoka inapezeka ku Bolton, osati ku Wakefield.

Atadzuka kuti azipita, anaima pakhomo ngati wokumbukira kanthu kopanda pake. Anasankha mawu mosamala, monga amachitira azungu akamaopa kunyoza chikhalidwe cha munthu. Anafunsa ngati n'zoona kuti ku Malawi anthu amadya mbewa.

Mtisunge anati n'zoona, kwawo ku Dedza ndi ndiwo, ndipo kapuku wonona amaposa nkhuku. Anafunsa chifukwa chake.

Sajeni anati m'filiji yaikulu ya a Mhone, pansi pa nyemba ndi nsomba, anapezamo matumba a mbewa zowumitsidwa ndi chisanu. Iye anakayikira pomwepo, chifukwa osunga njoka amadyetsa zimenezo. Koma a Mhone anati ndi ndiwo zawo, amazigula kwa ogulitsa zakudya za ziweto akasowa za kumudzi, ndipo anaonetsa apolisi zithunzi pa intaneti za anyamata ogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu ku Malawi. Zithunzizo zinali zoona. Mkulu wa apolisi anati munthu sangalondoledwe chifukwa cha chakudya cha kwawo.

"Zinali zamtundu wanji?" anafunsa Mtisunge.

"Zoyera. Maso ofiira."

"Zotumbula?"

"Zathunthu."

Mtisunge anakhala pansi. Kenaka anaseka, koyamba chichitikireni ngoziyo, kuseka kouma kosasangalatsa. Anauza sajeniyo kuti mbewa zodya ndi za kumunda, zotuwa, zokumba kuuna. Amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziwamba pamoto n'kuzipana pampani. Zoyera za maso ofiira ngakhale munthu wa ku Dedza wanjala sangazikhudze. Koma chachikulu sichinali chimenecho. A Mhone ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, munthu wa nsomba ndi kondowole, ndipo m'dera lonselo panalibe wina wonyoza adya mbewa kuposa iwo.

Anatulutsa foni, nafufuza kanema wa ukwati wa Khumbo, mnzake wa kuntchito, umene unachitikira ku Wakefield chaka chatha. A Mhone ndiwo anali otsogolera mwambo, suti yonyezimira, maikolofoni m'manja. Mtisunge anamasulira mawu awo m'Chingerezi liwu ndi liwu. Ankati alendo ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu adziwe kuti mphaka wa m'holoyo ali pantchito, asamulande ndiwo. Holo yonse inagwa ndi phwete. Kenaka a Mhone anawonjezera kuti iwo mbale imene munalowapo mbewa amaitaya, satsuka.

Sajeni anaonera kanemayo kawiri, napempha kuti amutumizire. Anati izi zikusonyeza kuti munthuyo ananamiza apolisi, ndipo mbewa zochuluka chotero si za njoka imodzi. Zina zilipo penapake, ndipo zikufuna kudya. Anati apempha chilolezo choti amulondole. Anachenjeza Mtisunge kuti asayankhule ndi a Mhone.

Apolisi anawalondola. Koma a Mhone anali ochenjera. Ankanyamula migolo, kupita kutchalitchi, kubwerera kunyumba. Njoka imatha kukhala nthawi yaitali osadya, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Masiku ankapita. Kalata yoitana Mtisunge kukaonekera pamaso pa akuluakulu a kuntchito inafika. Sajeni anamuimbira kumuuza kuti anthu olondola aja awachotsa sabata ikubwerayo, chifukwa ntchito ndi yambiri ndipo palibe chimene aona.

Lamlungu limenelo mipingo ya Amalawi inali ndi mapemphero a pamodzi ku Wakefield, m'holo ya sukulu. Mtisunge anakwera sitima. Atalowa, mzere wa mipando umene anakhalapo unatsala wopanda anthu mbali zonse ziwiri. Anapirira mpaka nthawi ya chakudya.

A Mhone anali pamzere wa mpunga, mbale m'manja, akuseketsa amayi. Mtisunge anaima kumbuyo kwawo. Anawapatsa moni mwaulemu, mokweza pang'ono kuti a pafupi amve, nati wamva nkhani yabwino, yoti achimwene a ku Nkhata Bay tsopano anatembenuka mtima, ayamba kudya mbewa.

Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zija za masiku onse. A Mhone nawonso anaseka, koma maso awo sanaseke.

"Ine? Mbewa? Achemwali, mavuto akusokonezani mutu. Ife ndi a nsomba ya batala."

"Ndiye zili m'filiji mwanu zija ndi za ndani? Munauza apolisi kuti ndi ndiwo zanu."

Kuseka kunazima pang'onopang'ono. Mayi Daphne, amene ankagawa nyama, anaimitsa chipande m'mwamba. A Mhone anayang'ana uku ndi uku. Akanavomera kuti amadya, panalibe Mmalawi m'holomo amene akanakhulupirira. Akanakana, funso linali lomwelo. Anati apolisi sanamve bwino Chingerezi chawo, anati zinali za mnzawo wina wa ku Kasungu. Mayi Daphne anafunsa kuti mnzawo uti, popeza a ku Kasungu onse a m'derali amawadziwa. A Mhone anaika mbale patebulo, nati akuyankha foni panja. Sanabwererenso.

Mtisunge ali pasiteshoni anaimbira Sajeni Ackroyd n'kumuuza zimene wachita. Sajeniyo anamukalipira kuti akanatha kuwononga mlandu wonse, ndipo kuti munthu wa pabelo sachita zotero. Kenaka anadula foni mofulumira, chifukwa anali ndi anthu oti awaimbire.

Lolemba m'mawa vani yoyera ya a Mhone inatuluka ku Wakefield n'kulowa msewu waukulu wopita kum'mawa. Kumbuyo kwake kunali bokosi lozizira limene anali atalinyamula kuchokera m'nyumba. Mbewa zija sakanathanso kuzisunga m'filiji mwawo. Galimoto ya sajeni inali pambuyo, magalimoto angapo pakati. A Mhone anaima pa malo omwetsera mafuta, nayenda kuzungulira vani yawo akuyang'ana msewu. Ananyamukanso. Atafika ku Hull sanapite ku doko kumene ankatula migolo. Anakhotera m'kamsewu ka magalaja akale a njerwa, kuseri kwa malo okonzera matayala, kumene mphepo ya kunyanja imanunkha dzimbiri.

Anatsegula galaja ya kumapeto, nalowa ndi bokosi lija, natseka chitseko.

Apolisi a ku Hull anafika ndi munthu wa ku khonsolo ndiponso katswiri wogwira njoka, wovala magolovesi ofika m'mapewa. Sanagogode nthawi yaitali. Chitseko chitakwezedwa, kunatuluka mpweya wotentha ngati wa mu Okutobala kumudzi, ndi fungo la mkodzo wa mbewa. Kutsogolo kunali migolo yabuluu ya anthu, yolembedwa maina ndi maboma akumudzi. Kuseri kwa migoloyo kunali mashelefu a mabokosi apulasitiki, ena omangidwa ndi tepi, ena otsekedwa ndi njerwa pamwamba. M'mabokosimo munali mphiri, mbobo zobiriwira, ndi zina zotukumula khosi zimene ngakhale katswiri uja anaziyang'ana kawiri. Nthambo za magetsi zinali zolumikiza mwachinyengo kuchokera ku galaja yoyandikana nayo. Khoma lakumbuyo linali ndi mng'alu woti dzanja n'kulowa, ndipo kuseri kwake kunali bwalo losewerera ana.

A Mhone anali ataima pakati, chopanira chachitali m'manja, mbewa yoyera ikulendewera kumchira.

"Chakudya chamasana, bambo Mhone?" anafunsa Sajeni Ackroyd.

A Mhone anaika chopaniracho pansi pang'onopang'ono, natambasula manja okha.

M'galimoto anayamba kuyankhula osafunsidwa. Anati ankagulitsa kwa azungu okonda njoka amene safuna za khonsolo, za dokotala wa zinyama ndi za inshuwaransi. Mphiri ija inali ndi wogula wa kufupi ndi Bolton amene anasintha tsiku, ndipo kunja kunali kozizira moti ikanafera mu vani. Anafuna malo otentha a masiku ochepa, m'nyumba ya munthu amene sangatsegule. Anati cholakwa ndi cha mtsikana uja, ndani anamutuma kupisa dzanja mu katundu wa eni. Sajeni anamukumbutsa kuti zonse zimene akunena zikulembedwa. Anawatsekera pa milandu yosunga nyama zoopsa popanda chilolezo, kuzigulitsa mozemba, kuvulaza munthu ndi kunamiza apolisi kuti mlandu ugwere wina.

Mlandu wa Mtisunge unathetsedwa sabata yomweyo, ndipo Lolemba lotsatira anavalanso yunifolomu. Asimenye anatuluka m'chipatala dzanja lili m'bandeji, akuphunzira kugwira kapu ndi zala zinayi. Nsapato za mwana zija zinakhala kupolisi ngati umboni mpaka Khirisimasi inadutsa. Migolo ya anthu imene inali m'galaja muja inatsegulidwa umodziumodzi ndi katswiri uja, eni ake ataima patali, aliyense akuyang'ana wa mnzake.

Loweruka lina masana kunamveka kugogoda. Anali Mayi Daphne, atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere. Anapereka moni wautali, nafunsa za Asimenye, nadandaula za kuzizira. Za kukhwima zija sanazitchule. Pomaliza anati akupita ku Leeds kwa mwana wawo, ndipo amapempha kuti awasungireko chikwamacho mpaka Lachiwiri.

Mtisunge anayang'ana chikwamacho, nayang'ana mayiwo. Sanasunthe pakhomo.

"Tsegulani kaye, amayi," anatero.

Mayi Daphne anatula chikwamacho pansi. Kenaka anagwada pakhonde lonyowalo, nayamba kumasula zipi.